Kodi opaleshoni yochepetsa mabere ingaphwetse phapo? Thandizeni musanandiseke

NaJere (Luton): Madzulo abwino achemwali nonse. Ena mukudziwa kale mmene msana ndi khosi zakhala zikundizunzira chifukwa cha kukula kwa mabere. Zingwe za bra zinandikumba m'mapewa, ndipo nyengo yotentha kunsi kwa mabereku kumasupuka. Ku NHS, zipatala za boma za kuno ku UK, sindikukwanira pa muyezo wawo wa BMI (kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu), ndipo zipatala zolipira za kuno zimatchula cha m'ma £6,500 kupita m'mwamba, ndiye ndapeza chipatala china ku Istanbul. Anditumizira fomu yoti ndisayine. Zina zimene alemba ndimazidziwa kale, monga zipsera, kutaya magazi, bala kuchedwa kupola. Koma pali china chandidula mawondo: akuti pneumothorax, phapo kuphwa. Inetu ndimadziwa kuti mabere ali kunja, mapapo ali mkati mwa nthiti. Ziwirizi zikukumana pati? Tikiti yobwerera aiika patangopita masiku ochepa opaleshoni itachitika. Alipo akudziwa?

Tiya: Eee asisi, mpaka Istanbul! Koma zoona, phapo likubweramo bwanji? Ine ndimayesa amangochotsa zapamwamba n'kusoka basi. A Sister NaChisale bwerani kuno, inu ndiye mumagona ndi kudzuka ku fiyeta.

Amayi NaGama: Mwanangu NaJere, ine ndine wachikale, mundikhululukire. Thupi limene Mulungu anakupatsani mukalipereke kwa anthu amene ngakhale chilankhulo simumvana? Amayi athu kumudzi anali ndi mabere aakulu, ankalima, ankasenza nkhuni, palibe anapita pa mpeni. Ndiye mwamva kale kuti mapapo amaphwa. Mukufunanso chenjezo lotani?

NaPhiri (Cape Town): Amayi, ndi ulemu wonse, amayi athuwo ankamva kuwawa, kungoti analibe kolowera. Ine ndinachititsa kuno, ndipo chimene ndimadandaula n'choti ndinachedwa. Mutu umene unkandiwawa madzulo aliwonse unatha, ndimatha kuthamangira basi osagwira pachifuwa. NaJere, pa fomu amalembapo chilichonse, ndi imfa yomwe, kudziteteza. Ukamawerenga kapepala ka m'bokosi la Panado sungamwenso. Sayinani muzipita.

Sister NaChisale (Leeds): Ndabwera, ndinali kukhitchini. NaPhiri mwanena zoona kuti n'zosowa, koma mawu akuti "sayinani muzipita" ndiye ayi, tiyeni tikambirane kaye.

Bere limakhala pamwamba pa mnofu wa pachifuwa, kuyambira cha pa nthiti yachiwiri kufika yachisanu ndi chimodzi. Pansi pa mnofuwo pali nthiti, pakati pa nthiti pali timinofu topyapyala, ndipo kuseri kwake basi wafika pa kachikopa kokuta phapo. Mtunda wake ndi waufupi kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka cham'mbali kufupi ndi m'khwapa, komanso kwa munthu wochepa thupi. Kachikopako kali pawiri: kena kanamatira ku nthiti, kena ku phapo, ndipo pakati pake pali timadzi pang'ono, mpweya mulibe. Mukatsuka mbale ziwiri zosalala n'kuzisanjikiza zili zonyowa, zimatsetsereka koma kuzilekanitsa kumavuta, mpaka mpweya utalowa pakati. Phapo limagwira ku nthiti mwa njira yomweyo. Mpweya ukangopeza polowera pakatipo, phapo limalekana ndi nthiti n'kufwamphukira mkati, ndiye kuphwako.

Tsono mpeni wa dokotala nthawi zambiri sufika kumeneko, chifukwa pochepetsa bere amagwira ntchito pamwamba pa mnofu. Chimene chimafika ndi singano. Asanayambe kudula, madokotala ambiri amabaya madzi osakaniza ndi mankhwala a dzanzi ndi adrenaline m'bere monse kuti magazi asatuluke ambiri, ndipo singano yake ndi yaitali. Ikapendekera pansi pang'ono itha kudutsa pakati pa nthiti. Ena amabaya jakisoni wopha ululu pafupi ndi mitsempha ya m'nthiti kapena cha kumsana. Ena amayamwa mafuta a m'mbali ndi kachitsulo ka liposuction. Njira ina ilibe singano n'komwe: munthu akagonetsedwa, mashini ndi amene amamupumira, amakankha mpweya kulowa m'mapapo, ndipo ngati phapo linali kale ndi katuza kofooka pamwamba pake, kamatha kuphulika.

Tiya: Ambuye. Ndiye poti mabere ndi awiri, angaphwe onse awiri?

Sister NaChisale (Leeds): Zinalembedwapo m'magazini a madokotala, inde, chifukwa chimene wachita kumanja umachitanso kumanzere. Koma taonani, nkhani zoterezi zimalembedwa imodziimodzi, munthu mmodzi lipoti limodzi, chifukwa cha kusowa kwake komweko. Kumene zimamveka kawirikawiri ndi kwa amene akukulitsa mabere, poti kumeneko dokotala amakumba malo pansi pa mnofu, pamwamba penipeni pa nthiti. Mu 2005 kunatuluka kafukufuku amene anafunsa madokotala a opaleshoni zotere ku California, ndipo mwa amene anayankha, mmodzi mwa atatu aliwonse anati zinamuchitikirapo pokulitsa mabere.

Amayi NaGama: Mwamva? Mmodzi mwa atatu!

Sister NaChisale (Leeds): Ayi amayi, madokotala, osati odwala. Dokotala mmodzi amachita maopaleshoni mazanamazana pa moyo wake wa ntchito, ndiye kukumana nazo kamodzi sikutanthauza kuti odwala ake ali pa mzere wophwa mapapo. Ndipo kumeneko kunali kukulitsa, NaJere akukachepetsa.

Make Pemphero (Joni): Ndakhala ndikungowerenga, ndimati ndisalankhule, koma mwina zithandiza wina. Ine zinandichitikira. Chipatala sinditchula, ndipo sindinakhale nacho chifukwa.

Nditadzuka ndinkamva kuwawa, koma ndani sangamve atadulidwa? Anandivala bra yothina ija, ndipo nditanena kuti mpweya sukukwana ndinauzidwa kuti ndi bra ndi mantha, ndipume pang'onopang'ono. Inenso ndinavomereza, chifukwa sindinkadziwa kuti kuwawa kwa bala kumakhala kotani ndipo kwa phapo kumakhala kotani. Pano ndikudziwa. Kwa bala kunali konsekonse, mbali zonse, kowotcha. Kwinaku kunali kumanja kokha, kobaya, ndipo kumabwera ndikamakoka mpweya, n'kukafika mpaka paphewa. Usiku ndinadzuka kupita kuchimbudzi, masitepe ochepa chabe, ndinafika ndili wefuwefu, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Nditagwira pakhosi cha m'munsi ndinamva khungu likuchita tcheretchere pansi pa zala. Nesi wa usiku atagwira pomwepo nkhope inasintha, sanandifunsenso zambiri, anangoyitana dokotala. X-ray inaonetsa kuti phapo lakumanja laphwa.

Anandiika paipi m'mbali, kunsi kwa khwapa, yopita m'botolo la madzi limene linali pansi pa bedi. Ndikatsokomola madziwo amachita thovu. Sindinama, paipi imeneyo inandipweteka kuposa opaleshoni yeniyeniyo, koma mpweya unabwerera nthawi yomweyo. Ndinagona m'chipatala masiku owonjezera, anajambulanso, anachotsa paipi, ndinatuluka. Lero ndili bwinobwino, ndipo mukandifunsa ngati ndingachititsenso opaleshoniyo, ndingachititse.

Tiya: Mayi ine! Munawasumira? Kumeneko n'kusasamala, anakubayani phapo kenako n'kumati ndi bra.

Make Pemphero (Joni): Sindinasume. Dokotala anabwera yekha n'kundiuza kuti akuganiza kuti ndi singano ya dzanzi ija, koma sangatsimikize. Chimene chinandipweteka mtima si kubayidwako, koma maola amene ndinakhala ndikuuzidwa kuti ndi mantha.

NaPhiri (Cape Town): Pepani Make Pemphero, sindimadziwa. Komabe ndiimabe pa mawu anga, tisamuopseze mnzathu. Pa gulu lino tachititsa ndife angapo, mmodzi yekha ndiye zinamuchitikira, ndipo ali moyo akutilembera.

NaMwale (clinical officer, kumudzi): Ali moyo chifukwa anali m'wodi, pafupi ndi X-ray ndi munthu wodziwa kuika paipi. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Ine opaleshoni ya mabere sindichita, koma mapapo akuphwa ndimawaona, a ngozi za kabaza ndi minibasi, obayidwa ndi mpeni, ndi a TB. Matenda ake ndi amodzi, chimasiyana ndi khomo limene mpweya walowera.

Kukakhala kuphwa pang'ono, munthu akupuma bwino, nthawi zina sitichita kanthu koma kumuyang'anira, kumupatsa okosijeni ngati akufunika, ndi kujambulanso. Thupi limamwa mpweyawo lokha, koma mochedwa, pafupifupi magawo 2 pa 100 patsiku, ndiye zimatha kutenga masabata. Kukakhala kwakukulu timaupopa ndi singano kapena kuika paipi. Choopsa ndi mtundu umene bowo limalola mpweya kulowa koma osatuluka. Mpweya umangodzadza, n'kuyamba kukankha mtima ndi phapo linalo, magazi amalephera kubwerera kumtima, BP imagwa, milomo imasintha mtundu, munthu amachita thukuta lozizira n'kuyamba kusokonezeka. Pamenepo sitidikira X-ray, timabaya singano yaikulu pachifuwa pomwepo kuti mpweya utuluke. Ndi nkhani ya mphindi, osati ya "tiona mawa".

Ndiye NaJere ndikufunseni, poti ndife a kwathu konkuno: munadwalapo TB? Mphumu? Mumasuta, kaya ndi shisha ya kumapwando ija kapena vape?

NaJere (Luton): Kusuta ayi. Koma TB ndinadwala ndili ku sekondale, ndinamwa mankhwala mpaka kumaliza, anati ndachira. Pa fomu yawo sindinalembe, ndimaona ngati ndi zakale.

NaMwale (clinical officer, kumudzi): Lembani, achemwali. TB imachira koma nthawi zina imasiya zipsera ndi timatuza m'mapapo, makamaka kumtunda kwake, munthu osadziwa chifukwa sizipweteka. Dokotala wogonetsa akadziwa, ajambula chifuwa musanalowe, ndipo mashini opumira aja awayendetsa mosamala. Ife ochokera kumayiko kumene TB ndi yambiri tili ndi mbiri imene dokotala wa kwina sangaiganizire ngati sitinena tokha. Chimodzimodzi amene ali pa ma ARV kapena anadwalapo chibayo chachikulu, nenani, si zochititsa manyazi. Sizikutanthauza kuti akukanizani.

Sister NaChisale (Leeds): NaMwale wanditengera mawu. Ine tsono chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi tikiti ija. M'ndege mpweya sukhala wothinana ngati pansi pano. Mkati mwake amausunga ngati uli pamalo okwera mamita pafupifupi 2,400, kunena kwake ngati uli pamwamba pa Nyika. Mpweya uliwonse wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi. Munthu amene ali ndi kuphwa kwakung'ono kumene sikunaoneke, ali pansi akungomva kubanika pang'ono n'kumati ndi bandeji, akakwera kumwamba kampweya kaja kamakula. Istanbul kufika London ndi maola pafupifupi 4, ndipo m'ndege mulibe X-ray kapena paipi.

Malangizo a NHS kwa opita kunja amati ukachititsa opaleshoni ya mabere usakwere ndege kwa masiku 5 mpaka 7, ndipo kumeneko n'kuti zonse zayenda bwino. Phapo likaphwa nkhani imasintha: sukwera mpaka X-ray itaonetsa kuti labwerera lonse, kenako udikirenso, ndipo kukakhala kochita kuvulazidwa ngati kumeneku amanena masabata awiri. Ndiye funsani, zikatero hotelo alipira ndani, tikiti yatsopano agula ndani?

NaJere (Luton): Zimenezo sanatchule. Anangoti driver adzanditenga pa airport, hotelo ndi ya nyenyezi zisanu.

Tiya: Nyenyezi zisanu koma phapo limodzi, kkkk. Pepani asisi, ndalephera kupirira.

Admin: Tiya, khala pansi. Pitirizani a Sister.

Amayi NaGama: Ine ndinanena. Koma poti mwana watsimikiza mtima, a Sister muuzeni zoti akaone akakhala yekha kuhoteloko. Ndipo NaJere, usapite wekha. Munthu wobanika sangathe kudziyimbira foni, ngakhale kufotokoza m'Chingerezi kumene.

Sister NaChisale (Leeds): Apa ndiye mwalankhula ngati kholo, amayi. Kuwawa pambuyo pa opaleshoni kulipo ndithu, ndipo bra imathinadi. Koma kuwawa kwa bala kumachepa tsiku ndi tsiku, ndipo ukamwa mankhwala n'kukhala tsonga umapuma bwino. Chikakhala chobaya mbali imodzi pokoka mpweya, kapena kubanika kukukulirakulira m'malo mochepa, kulephera kumaliza chiganizo osapumira, mtima kuthamanga uli chikhalire, kachifuwa kouma kosatha, kapena khungu la tcheretchere limene wanena Make Pemphero, musamasule bra n'kugona kuti muone m'mawa. Pitani ku chipatala cha ngozi, ndipo mawu oyamba akhale akuti "ndachitidwa opaleshoni ya pachifuwa, ndikubanika". Zimatha kuonekera muli pa tebulo pomwe, kapena mutangodzuka, kapena tsiku lotsatira mutatuluka kale, chifukwa bowo la singano ndi laling'ono, mpweya umadontha pang'onopang'ono.

Ndipo si phapo lophwa lokha limene limabanikitsa. Pali magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kuthawira m'mapapo. Ameneyu amabwera ngakhale patapita masabata, ulendo wa pandege umamuwonjezera mphamvu, ndipo amapha. Mwendo umodzi kutupa kapena kupweteka katumba, kutsokomola magazi, kubanika mwadzidzidzi. Palinso timatumba ta m'munsi mwa mapapo kufota chifukwa munthu akuopa kupuma mokoka poopa ululu, zimenezi ndiye zofala ndipo mankhwala ake ndi kudzuka, kuyenda ndi kupuma mozama. Inu kunyumba simungasiyanitse zitatuzi. Ifenso sitisiyanitsa ndi maso, timajambula.

NaPhiri (Cape Town): Ine ndinagula kamashini koyezera okosijeni kopanira pachala kaja nthawi ya Covid. Akatenge kameneko, kakamaonetsa 96, 97 ndiye kuti zili bwino, si choncho?

Sister NaChisale (Leeds): Katengeni, koma musakakhulupirire kuposa thupi lanu. Choyamba, munthu wamphamvu phapo limodzi litaphwa, linalo limatha kugwira ntchito mpaka nambala kumaoneka yabwino kwa kanthawi. Chachiwiri chikukhudza ifeyo: timashini timeneti timayeza ndi kuwala kodutsa pakhungu, ndipo pa khungu lakuda nthawi zina timaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Kafukufuku wa ku University of Michigan mu 2020 anapeza kuti odwala akuda amene okosijeni wawo anali wotsika koma kamashini osaonetsa anali ochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi azungu. Kakatsika, thamangani. Kakakwera koma inu mukubanika, thamanganibe. Ndipo muchotse cutex ndi zikhadabo zomata zija.

NaMwale (clinical officer, kumudzi): Ndiwonjezere kamodzi. X-ray yojambula munthu atagona chagada imatha kuphonya, chifukwa mpweya umathawira kutsogolo m'malo mokwera pamwamba pomwe timauyang'ana. Ngati mungathe kukhala tsonga kapena kuimirira, ajambule choncho. Zipatala zambiri pano zimaonanso ndi ultrasound pabedi pomwepo, ndipo kwa wodziwa imagwira bwino.

Make Pemphero (Joni): Ndipo mukaikidwa paipi, botolo lija lisakwere pamwamba pa chifuwa. Mlamu wanga atabwera kudzandiona anafuna kuliika pa kabati kuti asese bwino pansi, nesi anachita kukuwa kuchokera kukhomo.

NaJere (Luton): Kkkk alamu. Zikomo nonse, mtima watsikako. Ndiye ndiwafunse chiyani kwenikweni anthu a ku Istanbul? Amene ndimalankhula naye pa WhatsApp si dokotala, ndi wa zamalonda.

Sister NaChisale (Leeds): Pamenepo pakuyambira pomwepo: muuzeni kuti mukufuna kulankhula ndi dokotala amene adzakudulaniyo, ndi dzina lake lonse kuti mufufuze ngati ndi katswiri wovomerezeka wa plastic surgery. Kuno tikanayang'ana m'kaundula wa GMC, bungwe lolembetsa madokotala, ku South Africa HPCSA, kwathu Medical Council of Malawi, ndipo kumeneko nakonso ali ndi mabungwe awo. Mufunse ngati opaleshoni idzachitikire m'chipatala chenicheni chokhala ndi ICU ndi X-ray usiku, kapena ndi kakiliniki kotseka madzulo. Mufunse ngati mudzagone komweko usiku woyamba ndi nesi, ngati adzachite liposuction m'mbali, ngati adzabaye jakisoni wa m'nthiti, ndiponso ndani adzakupimeni chifuwa asanakupatseni kalata yokwerera ndege. Za TB muwalembere lero. Akamazemba mafunso amenewa, kapena akamakukakamizani kuti mulipire msanga mtengo usanakwere, mwayankhidwa kale.

Koma ndinene chilungamo, NaJere, mwa zonse za pa fomupo chimene mungakumane nacho kwambiri si phapo. Ndi bala kutseguka pamene mizere yosoka imakumana kunsi kwa bere, nsonga ya bere kuchita dzanzi, ndi zipsera zotupa zija zimene zimakonda khungu lathu. Zimenezi zimafuna munthu wokuonani masabata angapo, ndipo dokotala wanu adzakhala ali kutsidya kwa nyanja.

Amayi NaGama: Nanga kuyamwitsa? Mwanayu sanamalize kubereka.

NaPhiri (Cape Town): Zimatengera mmene adulira, amayi. Ena amayamwitsa bwinobwino, ena mkaka umachepa, ndipo akachita kuchotseratu nsonga n'kuisokereranso ndiye kuyamwitsa kumakanika. N'chifukwa chake madokotala ena amati ngati ukufuna mwana posachedwa, bereka kaye. Koma imeneyo ndi nkhani ina, Admin atithamangitsa.

Admin: Yambitsani ulusi wake padera, anthu ambiri amafunsa zimenezo ku inbox.

Tiya: Funso lomaliza, la serious. Asisi ali ndi travel insurance ya ku banki ija, ndi khadi la GHIC, lija anthu a ku UK amalandirira chithandizo m'zipatala za boma akadwala ali ku mayiko ena. Sizingalipire zikavuta?

Sister NaChisale (Leeds): GHIC sigwira ntchito ku Turkey, ndipo ngakhale kumayiko kumene imagwira, si ya chithandizo chimene wachita kupitira dala. Inshuwalansi wamba ya ulendo nayonso kawirikawiri imakana chilichonse chochokera ku opaleshoni imene unakonzeratu, werengani timalemba ting'onoting'ono tija kapena muwaimbire muwafunse mwachindunji. Ilipo ina yapadera ya opita kukachitidwa opaleshoni kunja, koma muonetsetse kuti ikulipira masiku owonjezera m'chipatala, hotelo ya amene wakuperekezani, ndi tikiti yatsopano. Nambala ya ambulansi ku Turkey ndi 112, muisunge m'foni ya wokuperekezaniyo. Mukabwerako n'kuyamba kubanika muli kuno, ndi 999, osati kudikira dokotala wanu wa m'dera (GP) Lolemba, ndipo ku chipatala cha ngozi sangakubwezeni chifukwa choti munachititsa kunja. Mutenge mapepala onse a opaleshoni m'Chingerezi. Ine ndathawa, ndili pa night.